Kodi Dzina la Pereira Likusonyeza Magazi a Chiyuda?

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti agogo awo aamuna anachokera ku Tete, dzina lawo la bambo linali Pereira, ndipo anawerenga pa Facebook kuti maina a Chipwitikizi ochokera ku mitengo, monga Pereira ndi Oliveira, ndi a Ayuda amene ankabisala. Akufunsa ngati iwonso ndi Myuda.

Mayi, dzina palokha silingakuuzeni zimenezo.

Mphekeserayi ili ndi pochokera. Mu 1492 Spain inathamangitsa Ayuda, ambiri n'kuthawira ku Portugal. Kumenekonso Mfumu Manuel I inawabatiza mokakamiza mu 1497. Koma obatizidwawo sanapatsidwe maina awoawo owasiyanitsa ndi ena. Anatenga maina amene Akhristu anali nawo kale, ena a anthu amene anawaimirira pa ubatizo. Khoti la Inquisition litayamba mu 1536 kusaka anthu otsata Chiyuda mobisa, ndani akanafuna dzina lomuulula? Choncho alipo a Pereira amene makolo awo analidi Ayuda, koma ambirimbiri ayi. Si Banda aliyense amene ali mbale wa Kamuzu.

Kwa inu, ine ndingayang'ane kwina. Banja la Pereira lotchuka kumpoto kwa Tete, lomwe linalamulira dera la Makanga, linayamba ndi Gonçalo Caetano Pereira, wochokera ku Goa, ku India. Mwana wake Manuel anafika kwa Kazembe, mfumu ya Alunda, mu 1796. Anthu a ku Goa ambiri analandira maina a Chipwitikizi pobatizidwa, ndipo m'chigwa cha Zambezi anthu akuda ankatenganso maina otere kwa ansembe kapena kwa eni minda ikuluikulu yotchedwa prazo amene ankawagwirira ntchito. Dzina la agogo anu likhoza kudzera njira iliyonse mwa izi.

Dziwaninso kuti malamulo a chipembedzo cha Chiyuda amatsata mayi, pamene dzinali limayenda ndi bambo. Ngakhale maina a Chiyuda monga Cohen kapena Levy, omwe amasonyeza Chiyuda kuposa Pereira, sakhala umboni wokwanira. Portugal itatsegula mwayi wa unzika kwa zidzukulu za Ayuda amene anathamangitsidwa kapena kubatizidwa mokakamiza aja mu 2015, ankafuna kalata yochokera ku gulu la Ayuda la ku Lisbon kapena Porto, yotsimikiza mzere wa makolo, osati dzina chabe.

Yambani ndi akuluakulu amene akadali moyo. Afunseni mudzi wa agogowo ndi parishi imene anabatizidwira, kenaka mulembere kumeneko kupempha kaundula wa ubatizo, chifukwa mmenemo amalembamo makolo ndi omuimirira mwana.