Funsani Tikuyankheni: Ndikatsinzina sindiona nkhope ya amayi anga

FUNSO

Ndine mayi wa zaka 34, ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ku Zomba. Amayi anga anatisiya chaka chatha. Tsiku lomanga chiliza, mng'ono wanga anati iye akatsinzina amawaona atakhala pamphasa akusankha nyemba, atafunda chitenje chawo chofiira chija. Ine ndinayesa, koma ndinangoona mdima. Ndikudziwa kuti anali aafupi, akuda, ndi mpata kumano, koma kuwaona ayi. Chibadwire ndinkayesa kuti anthu akamati "ndikumuona m'maganizo" ndi kalankhulidwe chabe. Kodi mutu wanga uli bwino? Kapena sindinkawakonda mokwanira? Azakhali akuti ndikapemphereredwe.

Telala wa ku Zomba

YANKHO

Pepani kwambiri achemwali ndi imfa ya amayi. Ndiyambe ndi funso lachiwirilo, chifukwa ndi limene likukusowetsani tulo: munthu amene sankawakonda amayi ake sakanalemba kalata ngati imeneyi. Ndipo mutu wanu uli bwino.

Chimene mukufotokozachi chili ndi dzina, aphantasia, kutanthauza kusatha kuona zithunzi m'maganizo. Dzinali analipereka mu 2015 ndi Adam Zeman, dokotala wa matenda a ubongo pa Yunivesite ya Exeter ku England. Iye anali atakumanapo ndi bambo wina wa zaka 65, amene m'malipoti amangotchedwa MX. Bamboyu atachitidwa opaleshoni yotsegula mitsempha ya mtima, zithunzi zonse za m'maganizo mwake zinazimiririka, ngakhale maso ake ankaona bwinobwino. Nkhani yake itatuluka mu 2010, anthu anayamba kulembera Zeman makalata kuti iwo sanataye kanthu, anabadwa choncho. Anthu 21 mwa amenewa ndi amene anafufuzidwa koyamba.

Koma chimene chinandiseketsa m'kalata yanu, mundikhululukire, ndi mawu akuti munkayesa kalankhulidwe chabe. Kale mu 1880, Francis Galton wa ku England anapempha anthu kuti akumbukire tebulo limene anadyerapo m'mawa n'kufotokoza mmene likuonekera m'maganizo. Ena mwa anzake, akatswiri a sayansi ophunzira kwambiri, anamuyankha ngati inu. Sankaona kalikonse, ndipo ankaganiza kuti Galton akutenga fanizo ngati chinthu chenicheni. Masiku ano ofufuza amati pafupifupi munthu mmodzi pa 100 alionse saona chithunzi n'chimodzi chomwe, ndipo tikaphatikiza amene amangoona chizimezime, amafika pafupifupi anayi pa 100. Ndiye mumsika wa Zomba momwemo muli anzanu angapo amene sakudziwa.

Nditawerenga kalata yanu ndinayesa a pakhomo panga. Ndinati aliyense atsinzine aganizire bango, chipatso chija. Mayi a kunyumba anati akuona lakupsa, lachikasu, ndi ntchentche pamwamba. Mwana wanga wamkulu anati lake ndi laliwisi, likadali mumtengo. Ine langa limabwera losaoneka bwino, ngati chithunzi chakale chimene chinanyowa ndi mvula, n'kuthawa msanga. Takhala nyumba imodzi zaka zonsezi osadziwa kuti timasiyana chonchi.

Tsono wina angafunse kuti tidziwa bwanji kuti anthuwa sakungolephera kufotokoza zimene akuona? Apa m'pamene ndimawapatsa ulemu a gulu la ofufuza la Joel Pearson ku Sydney, Australia, chifukwa anapeza njira zosadalira pakamwa pa munthu. Mukudziwa kuti kamwana ka diso kamachepa mukayang'ana chowala, n'kukula mumdima. Mu 2022 anaonetsa kuti munthu akangoganizira chinthu chowala, kamwanako kamachepa ngati akuchionadi. Kwa anthu a aphantasia sikasintha choncho. Thupi silinama. Kafukufuku wina anakhazika anthu m'chipinda chamdima n'kuwapatsa nkhani zoopsa kuti awerenge, makina akuyeza thukuta pakhungu. Ena onse thukuta linakwera, koma a aphantasia ayi. Atawaonetsa zithunzi zoopsa zenizeni, nawonso thupi lawo linachita mantha ngati wina aliyense. Mwaonatu, mtima ulipo. Chosowa ndi chithunzi chokha.

Za mu ubongomo, mwachidule zili motere. Mukaona chinthu, uthenga umachoka m'maso kupita kumbuyo kwa ubongo, cha kunkhongoku. Mukachiganizira, ulendo umatembenuka: mbali zakutsogolo ndi zosunga zokumbukira zimatumiza uthenga kumbuyo kuja kuti chithunzi chipangidwe. Zimene makina ojambula ubongo akuonetsa n'zakuti mwa anthu a aphantasia mbali zimenezi zilipo ndipo zimagwira ntchito, koma kulumikizana kwake n'kosiyana ndi kwa ena. N'chifukwa chake ambiri a iwo amalota maloto okhala ndi zithunzi. Mwina inunso munawalotapo amayi n'kuwaona bwinobwino.

Inu ndinu telala, ndiye mvetserani ichi. Wilma Bainbridge, wofufuza wa ku Chicago, anaonetsa anthu zithunzi za zipinda, kenako n'kuwauza kuti azijambule pamtima. A aphantasia anakumbukira zinthu zochepa ndiponso mitundu yochepa, koma zimene anakumbukirazo anaziika pamalo ake enieni, ndipo sankawonjezera kwambiri zinthu zimene munalibe. Ndikukhulupirira kuti ndi mmene inu mumadulira diresi: simuliona m'mutu, koma mukudziwa pamene mkono ukhale, pamene zipi ilowe, ndipo tepi ndi choko zimamaliza zotsalazo. Ed Catmull, mmodzi wa amene anayambitsa kampani ya makatuni ya Pixar, ali ndi aphantasia. Glen Keane, wojambula makatuni amene anatchuka ku Disney, chimodzimodzi.

Sindikubisirani, pali chimene chimapweteka. Ambiri a aphantasia amavutika kubwereranso m'maganizo ku zimene zinawachitikira kale. Amadziwa kuti zinachitika, koma sangakhalenso momwemo ngati mmene mng'ono wanu amachitira. Pa maliro m'pamene kusiyanaku kumaluma, ndipo palibe mankhwala ake chifukwa si matenda. Pemphero lokutonthozani ndi labwino, musawakanize azakhali, koma munthu asakuuzeni kuti muli ndi chiwanda kapena kuti wina anakutsekani maso, makamaka akayamba kutchula ndalama.

Chenjezo langa likupita kwa owerenga ena. Ngati kale munkaona zithunzi m'maganizo ndiye zasowa mwadzidzidzi, makamaka mutavulala m'mutu, kapena pamodzi ndi dzanzi mbali imodzi ya thupi, kulephera kulankhula bwino, kapena kukhumudwa kosatha, pitani kuchipatala msanga. Imeneyo ndi nkhani ina, yonga ya MX.

Koma inu achemwali, zimene mutu sukupatsani, zitengeni kunja. Sonkhanitsani zithunzi za amayi zimene zili m'mafoni a abale, mukatsukitse ziwiri zitatu, china mupachike pafupi ndi makina anu. Azakhaliwo muwakhazike pansi afotokoze za ubwana wa amayi, inu mukujambula mawu pafoni. Ndipo ngati chitenje chofiira chija sichinagawidwe, mupempheni mng'ono wanu akupatseni inuyo. Muuzeni kuti iye ali nacho kale.