Funsani Achimwene: Kodi masitima olendewera onse amapweteka makutu?

Achimwene, ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Mufakose, ku Harare. Zaka zingapo zapitazo ndili paulendo kunja ndinakwera roller coaster ija njanji yake imakhala pamwamba, munthu n'kumalendewera miyendo ili m'malere. Ndinatsika makutu akutentha, ndolo imodzi itapindika, chifukwa mutu unkangomenyeka uku ndi uku pa chomangira mapewa. Tsopano mlongo wanga wa ku Joni akuti mu Disembala tikakwere sitima yolendewera yotchedwa Anaconda ku malo achisangalalo a Gold Reef City. Kodi zonsezi n'chimodzimodzi? Ndikane?
Mayi wa ku Mufakose

Achemwali, musakane. Masitima olendewerawa amafanana maonekedwe okha, koma thupi limawamva mosiyana kwambiri, ndipo ndikufuna mupite mukudziwa chimene chinakupwetekani tsiku lija.

Ambiri a ife kuno ku Harare tinakulira makatungwe a ku Show, chionetsero cha zaulimi cha mu Ogasiti, ndiye timaganiza kuti chilichonse cholendewera chimayenda ngati katungwe. Sitima imene munakwerayo si katungwe ayi. Mipando yake inamangidwa nganganga ku magudumu amene akuyenda pa njanji pamwamba pa mutu wanu. Njanji ikapotoka, inunso mumapotoka nthawi yomweyo. Ndiye ngati njanjiyo ikhota mwadzidzidzi, kapena magudumu akhwepa pang'ono, kugwedezeka konse kumathera m'khosi, mutu n'kumagunda chomangira mapewa chija. Makutu anu anapsa chifukwa cha zimenezo.

Yoyamba ya mtunduwu inatsegulidwa mu 1992 ku Six Flags Great America, m'dziko la America, ndipo anaipanga ndi a kampani ya ku Switzerland yotchedwa Bolliger & Mabillard. Zawo amakhala anthu 4 pa mzera umodzi. A Vekoma a ku Netherlands anatulutsa yawo mu 1994, ya anthu 2 pa mzera, ndipo anaigulitsa m'mayiko ambiri. Cobra imene inali ku Ratanga Junction ku Cape Town, malo amene anatsekedwa mu 2018, inali ya iwowa. Anaconda ndi ya kampani inanso ya ku Switzerland, Giovanola, komwe Walter Bolliger ndi Claude Mabillard ankagwira ntchito asanayambe yawo. Anaconda inatsegulidwa mu 1999, imakwera mamita 34, imathamanga pafupifupi makilomita 90 pa ola, ndipo imakutembenuzani chadodolido maulendo 5.

Ine ndinaikwera kawiri tsiku limodzi, titangotsika basi yochokera ku Roadport, depoti ya ku Harare, dzulo lake, msana udakali wowuma ndi kudikira kwa pa boda ya Beitbridge. Ulendo woyamba ndinakhala kutsogolo kwenikweni. Pansi pa pokwerera panachoka pansi pa mapazi anga sitima itayamba kuyenda, tcheni chikukoka gwedegwede, ndipo ndinkaona nsonga za nsapato zanga, kenako madenga, kenako Joni yense patali. Palibe chotchinga. Potsika mphepo imalowa m'miyendo ya thalauza, ndipo pozungulira chigulumwa choyamba mumaona mapazi anu ataloza kumwamba, mitambo ili kunsi kwa zidendene. Chimenecho sindinachiiwale mpaka lero. Ulendo wachiwiri ndinakhala kumbuyo, ndipo munthu angalumbire kuti ndi sitima ina. Kutsogolo kwanga kunali misana ya mipando ndi miyendo ya anthu ikugwedera, basi. Kokhota sindinkakuona, ndinkangomva ndakokedwa, ndipo potsika poyamba paja kumbuyo kumakokedwa mwamphamvu chifukwa akutsogolo amakhala atatsetsereka kale.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanu, achemwali. Munthu amene akuona njanji amakonzekeretsa khosi lake asanafike pokhota, ngati mmene timapendekera mu kombi tikaona kona. Amene sakuona amadzidzimuka, mutu n'kugunda. Choncho pemphani mzera wakutsogolo ngakhale mudikire nthawi yotalikirapo, ndipo musatsinzine. Ndikudziwa kuti mantha amauza munthu kutseka maso, koma kutsinzina ndi kumene kumachulukitsa kumenyeka ndi nseru.

Inanso imene ndingayerekezere ndi Nemesis ya ku Alton Towers ku England, imene ndinakwera nditakachezera mwana wanga. Iyo inatsegulidwa mu 1994, ndipo popeza kumeneko salola kumanga kupitirira mitengo, anakumba dzenje lalikulu m'thanthwe n'kuikamo njanji. Imatembenuza maulendo 4 okha, koma imamveka yaukali kuposa Anaconda chifukwa miyala imakhala pafupi. Mumaona ngati zala zakuphazi zikhula thanthwe, mpaka mumapinda mawondo osadziwa. Pa kona ina yozungulira motsika thupi limalemera, magazi amathamangira kumapazi, ndipo ndinatsika mapazi akuchita dzanzi ngati ndakhalira mwendo pamphasa. Mutu wanga sunagunde kalikonse. Anaconda imakupatsani mtunda ndi mlengalenga, Nemesis imakupanikizani kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kwa munthu amene akubwerera ataopsedwa ngati inu, ine ndingasankhe Anaconda.

Opanga nawonso anamva madandaulo a makutuwa. Banshee ya ku Kings Island ku America, ya mu 2014, ili ndi chomangira chofewa chonga chovala cha pachifuwa, zitsulo zili kutali ndi mutu. Musayembekezere chimenecho paliponse, ndiye dzitetezeni nokha. Ndolo vulani muike m'chikwama, ngakhale timing'onoting'ono. Ngati mwaluka tsitsi lalitali musalimange mfundo kunkhongo, chifukwa mutu uyenera kutsamira bwinobwino pa mpando. Mapatapata ndi nsapato zovula msanga zimagwa, valani zomanga zingwe. Idyani pang'ono, osati kukhuta sadza kenako n'kuthamangira pamzera. Ngati muli ndi BP, vuto la mtima, la khosi kapena la msana, kapenanso muli oyembekezera, apa ndiye ndikuti musakwere, ndipo zikwangwani za pakhomo zimanena zomwezo. Ana anu adzayezedwa msinkhu pakhomopo, wamfupi musamukakamizire.

Mukatsika, kaoneninso mgodi. Gold Reef City inamangidwa pa mgodi wakale wa golide wa Crown Mines, ndipo kwa ife a makolo ochokera ku Malawi malo ngati amenewo si achilendo. Agogo anga aamuna anapita ku Joni pa Wenela asanadzakhazikike ku Mbare, ndipo ankatiuza za chikepe chotsikira pansi mumdima. Ndili pamwamba pa Anaconda paja, tcheni chitatsala pang'ono kutisiya, ndi iwo amene ndinawakumbukira. Mukabwerako mundilembere, mundiuze kuti makutu ali bwanji ndiponso munakhala mzera uti.