Ayi, Univesite ya Malawi sinayambire ku Zomba

Achimwene, mwafunsa ngati Univesite ya Malawi inayambira ku Zomba. Ambiri amaganiza choncho, koma ayi ndithu.

Lamulo loikhazikitsa linadutsa mu 1964, chaka chomwe tinalandira ufulu, ndipo maphunziro anayamba mu Seputembala 1965 ku Chichiri, mu Blantyre. Ophunzira oyamba sanakwane n'komwe 100. Kamuzu Banda ndiye anali Chansala, koma woyendetsa ntchito tsiku ndi tsiku anali mzungu wa ku Britain, Dr Ian Michael. Pofika 1967 nthambi zinalipo zisanu: Chancellor, Polytechnic, Bunda ya zaulimi, Soche Hill ya aphunzitsi ndi sukulu ya Mpemba ya akuluakulu a m'boma. Koleji ya Chancellor inasamukira ku Zomba mu 1973, ndipo Soche Hill ndi Mpemba zinalowa mu Chancellor nthawi imeneyo.

Malume anga, omwe anaphunzira pa Dedza Secondary, Box 48 yomweyi, anapita ku Chichiriko ndi sutukesi yachitsulo, agogo atawamangira mbatatesi ndi nyemba. Sutukesiyo ikadalipo kwathu ku Linthipe, tsopano amasungiramo mbewu ya chimanga. Mukawauza kuti anaphunzira ku Zomba, mkangano wake mungagone pomwepo!