Maso a mayi amachita chifunga m'mawa

Funso: Adokotala, mayi anga akadzuka m'mawa amaona ngati kunja kuli chifunga koma pofika masana maso amayera. Kuchipatala akuti ndi Fuchs dystrophy, ndi chani chimenechi?

Yankho: Vuto lili pa cornea, kagalasi koonekera kakutsogolo kwa diso kaja. Mkati mwake muli mzere umodzi wa timaselo tomwe ntchito yake nkupopa madzi kuti kagalasiko kasafufume. Munthu wamkulu amakhala nato pafupifupi 2,500 pa sikweya milimita imodzi, ndipo tikafa sitimeranso ayi, totsalato timangotambasuka kutseka mipata. Tonsefe timataya pang'onopang'ono tikamakula koma kwa mayi anuwo tukufa msanga, ndiye tukachepa kwambiri madzi amadzadza, cornea nkutupa.

Za m'mawazo nchifukwa choti usiku zikope zimakhala zotseka, chinyezi sichiuma, masana mphepo imathandizako kuumitsa.

Matendawa amakonda azimayi, makamaka opitirira zaka 50, komanso amayenda m'magazi, inunso mukapimitseko. Mankhwala odontheza amchere amachepetsa kutupa koma sabweza maselo, zikafika poipa pamafunika opareshoni yoika timaselo ta munthu wina. Asamangogula mankhwala am'maso mwachisawawa chonde, azipita kwa dokotala wamaso.