Nthaka youndana ikasungunuka

Funso: Ndamva pa wailesi kuti nthaka ya ku Siberia ikusungunuka. Kodi nthaka imasungunuka bwanji? Mlimi wa fodya, Kasungu

Yankho: Ku Siberia, bambo, dera lozizira kwambiri la dziko la Russia, m'malo ambiri pansi pamaundana chaka chonse, ndipo ayezi ndiye amagwira dothi ngati simenti. N'chifukwa chake amamanga nyumba pamizati, kuti kutentha kwa m'nyumba kusafike pansi. Ayeziyo akasungunuka, dothi limasanduka matope: maziko amatitimira, makoma amang'aluka, misewu imapindika. Mumzinda wa Norilsk ku Siberia komweko, mu 2020 mizati ya thanki yosungiramo mafuta inatitimira, dizilo pafupifupi matani 20,000 n'kutayikira m'mitsinje ndi m'dothi. Chotidetsa nkhawa kwambiri ndi zomera zakale zokwiririka, zomwe zikayamba kuwola zimatulutsa mpweya wa methane, womwe ukuwonjezera kutentha kosokoneza mvula ngakhale kwathu kuno.