Opulumutsa anthu amaphunzirira chani m'chisanu?

Funso: Akulu, ndimamva zoti mavolontiya osaka anthu osowa kumapiri amachita maphunziro awo kukuzizira koopsa, bwanji osadikira kutenthe kaye?

Yankho: Achimwene, ngozi zake zimagwa nthawi yomweyo, ndiye kudikira ayi. Chipale chofewa chikagumuka nkukwirira munthu, ambiri opulumuka ndi omwe afukulidwa mkati mwa mphindi 15, nchifukwa chake amayeserera mobwerezabwereza kusaka ndi transceiver ya 457 kHz (kachipangizo kotola siginolo yochokera ku kanzake komwe wokwiriridwayo wavala), kubaya ndodo yaitali mpaka imukhudze kenako kukumba ndi fosholo mosinthana poti mikono sichedwa kulema. Wozizidwa naye amafuna luso, thupi likatsika pansi pa 35°C samusisita, amamuvula zonyowa nkumufunditsa bwinobwino osamugwedeza. Mabatire a tochi amatha msanga kukazizira, amawasunga m'thumba lamkati.