Kapenta wa ku Mpulungu ndi wa ku Siavonga

Funso: Kumsika wa Soweto amalonda amati kapenta wa ku Mpulungu ndiye mwinimudzi, wa ku Siavonga ndi mlendo. Kodi n'zoona, kapena n'kutsatsa malonda chabe? Mayi wa ku Matero, Lusaka.

Yankho: Amayi, amalondawo sakunama. Kwawo kwa kapenta ndi nyanja ya Tanganyika, kumene Alungu a ku Mpulungu akhala akusodza kuyambira kalekale. Wa ku Siavonga anachita kutengedwa ku Tanganyika n'kukathiridwa m'nyanja ya Kariba, kumene kuli Siavonga, mu 1967 ndi 1968.

Asodzi amalowa panyanja usiku ndi nyali. Kapenta amatsata kuwalako, akaunjikana amamuzinga ndi khoka. Mwezi ukawala kwambiri nyali zimachepa mphamvu ndipo nsomba zimabalalika, ndiye mtengo ukakwera masiku amenewo musadabwe.

Koma nkhani yagona poyanika. Woyanika pansi amatola mchenga, ndipo mano anu ndiwo adzakuuzeni; wa pathandala amakhala woyera. Nthawi ya dzinja sauma msanga, amafiira, amawawa, kenako n'kuyamba kunyenyeka. Musanagule meda, tolani mmodzi mumuthyole. Wouma bwino amathyoka kuti thyo, wachinyezi amangopindika.